ZA THUPI LATHU: Nthiti, Chidali ndi Pheŵa

Mwezi uno nkhani yathu taitenga pa Chifunga, m'boma la Neno, pa mseu wochokera ku Zalewa kunka ku Mwanza. Tinafikako m'nyengo ya mango, dzuŵa likuswa mtengo monga lichitira kuchigwa kumeneko. Pakhonde pa nyumba ina tinapeza mnyamata wa zaka 11 atakhala duu, dzanja lamanja litachirikiza chigongono cha kumanzere, mutu utapendekera komweko. Anali atagwa mumtengo masiku 4 apitawo. Amai ake ankamthoŵa ndi madzi otentha m'maŵa ndi madzulo, ndipo agogo ake aamuna anali atamkoka mkono kaŵiri konse, poganiza kuti wangobinya. Onsewo anachita izi mwa chikondi. Koma atapita naye kuchipatala, kunapezeka kuti fupa la m'munsi mwa khosi linali litathyoka pakati.

Mwanayo anachira bwino lomwe. Chimene chatitsalira m'mutu ndi funso la agogo aja. Iwo anati, "Inu alendo, ine ndasenda mbuzi zambiri pa moyo wanga. Mwendo wakutsogolo wa mbuzi umangochoka ndi mpeni, wopanda fupa loulumikiza kuthupi. Nanga fupa lathyoka mwa mdzukulu wangali lachokera kuti?"

Funsolo n'lanzeru, pakuti nkhalambayo inapenya zoona. Mbuzi ndi ng'ombe zilibe fupa limenelo. Miyendo yake yakutsogolo inagwidwa ndi minofu yokha, popeza ntchito yake ndi kunka kutsogolo ndi kumbuyo basi. Koma munthu, ngakhalenso nyani ndi pusi, ali nalo, chifukwa mkono uyenera kutambasuka, kukwera m'mwamba, ndi kuzungulira. Tsono tiyeni tiyendere pamodzi mafupa a m'chifuŵa ndi a m'pheŵa, kuti tsoka likagwa pakhomo tidziŵe chochita ndi chosayenera kuchita.

Nkhokwe ya m'chifuŵa

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Mwa ameneŵa, 37 ndiwo amanga nkhokwe imene isunga mtima ndi mapapo. Kumbuyo kuli mzati, ndiwo timafupa 12 ta msana wa pachifuŵa, tosanjikizana kamodzi pamwamba pa kanzake. Kuchokera pa kafupa kalikonse kutuluka nthiti ziŵiri, ina kumanja ina kumanzere, zimene zipinda ngati uta kudza kutsogolo. Motero nthiti zonse zilipo 24, mbali iliyonse 12. Kutsogolo kuli fupa limodzi lathyathyathya, la pachidali, limene madokotala alitcha sternum.

Nthiti sizifika zonse pa fupa la pachidali mofanana ai. Nthiti 7 zam'mwamba za mbali iliyonse zifikapo iliyonse payokha. Zitatu zotsatira, ya 8, ya 9 ndi ya 10, zigwirira pa inzake ya pamwamba, ndipo ndizo zipanga mphepete ija muimva mukapapasa pamwamba pa mimba. Ziŵiri zotsiriza, ya 11 ndi ya 12, n'zazifupi, ndipo kutsogolo sizigwira paliponse; zingothera mumnofu chakumbuyo, pamene zitchinjiriza impso.

Palinso china chofunika kuchidziŵa. Nthiti siifika pachidali ili fupa louma. Chakumapeto kwake isanduka fupa lofeŵa, longa lija loyera lotafunika timalipeza pa chidali cha nkhuku. Kufeŵako ndiko kulola chifuŵa kufutukuka ndi kubwerera. Mwa mwana nthiti zipindika msanga osathyoka, monga nsungwi yaiŵisi. Mwa nkhalamba ziuma, kotero kuti kugwa kwapafupi, kapena chifuŵa champhamvu cha masiku ambiri, chikhoza kuthyola nthiti.

Fupa la pachidali lili ndi zigawo 3. Chapamwamba n'chachikulu, ndipo muchimva mukaika chala pa kadzenje ka m'munsi mwa khosi. Chapakati n'chachitali. Chapansi ndi kansonga kakang'ono ka pamwamba pa mimba. Anthu ena akaonda ndi matenda, nakapeza kansongaka kwa nthaŵi yoyamba, achita mantha nayesa chotupa, ena mpaka kutemerapo mphini. Kansongako tonse tili nako chibadwire.

Kodi amuna ali ndi nthiti zochepa?

Achinyamata amatifunsa kaŵirikaŵiri funso ili, pokumbukira nkhani ya kulengedwa kwa mkazi m'chaputala chachiŵiri cha Genesis. Yankho lake ndi lakuti mwamuna ndi mkazi ali ndi nthiti zofanana, 24 aliyense. Anthu a ku Ulaya nawonso anakhulupirira kwa zaka zambiri kuti mwamuna ali ndi nthiti yopereŵera, kufikira Andreas Vesalius, mphunzitsi wa madokotala mumzinda wa Padua ku Italy, anaziŵerenga ndi manja ake, nalemba zimene anapeza m'buku lake la chaka cha 1543. Izi zisatidodometse. Malembo sanena kuti ana aamuna a Adamu adzabadwa opereŵera. Bambo amene anaduka chala ndi nkhwangwa amabala ana a zala zonse. Zoona zake n'zakuti alipo anthu oŵerengeka, amuna ndi akazi omwe, amene amabadwa ndi kanthiti kapadera m'munsi mwa khosi, ndipo ambiri a iwo amakalamba osadziŵa n'komwe.

M'mene nthiti zitithandizira kupuma

Nkhokwe ya chimanga imangoima chilili, koma ya m'chifuŵa iyenda usana ndi usiku ngati mvukuto wa wosula makasu. Pansi pake payalidwa mnofu waukulu wolekanitsa chifuŵa ndi mimba. Tikamakoka mpweya, mnofuwo utsika, minofu ya pakati pa nthiti inyamula nthitizo, chifuŵa chikula, ndipo mpweya uloŵa. Munthu wamkulu atakhala phee apuma ka 12 kufikira ka 20 pa mphindi imodzi. Nthiti iliyonse ili ndi mfundo zake pamsana zimene zigwedezeka pang'ono pa kupuma kulikonse, kuyambira tsiku lobadwa.

Amai, apa tcherani khutu, pakuti nthiti za mwana zimalankhula. Mwana akamakhosomola, mvuleni malaya ali chete, ndipo muŵerenge kupuma kwake kwa mphindi yathunthu. Khanda losakwana miyezi 2 likafika pa 60, mwana wa miyezi 2 kufikira 11 akafika pa 50, kapena wa chaka chimodzi kufikira zaka 5 akafika pa 40, ndiye kuti akupuma mofulumira. Penyaninso m'munsi mwa nthiti. Ngati pamenepo pakuloŵa m'kati pamene mwana akukoka mpweya, chikhoza kukhala chibayo. Musadikire kuti kuche kaŵiri. M'berekeni, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mafupa atatu a pheŵa

Tsopano tibwerere ku funso la agogo aja. Pheŵa lipangidwa ndi mafupa 3.

Loyamba ndi lija linathyoka mwa mnyamatayo, limene madokotala alitcha clavicle. Lichokera pamwamba pa fupa la pachidali kukafika kunsonga ya pheŵa, ndipo mukhoza kulitsata ndi chala utali wake wonse. Ntchito yake ndi yonga ya mtanda wa denga: likankhira pheŵa kunja kuti mkono ulendeŵere patali ndi nthiti. Chodabwitsa n'chakuti mkono wonse, ndi katundu yense umene unyamula, ulumikizana ndi mafupa a thunthu pa mfundo imodzi yokha, pamene fupali likumana ndi la pachidali. Ikani chala pamenepo, mugwedeze pheŵa, ndipo mumva mfundoyo ikuyenda. Fupali ndilo liyamba kuuma mwana ali m'mimba, mai asanathe miyezi iŵiri ali ndi pakati, koma ndilonso litsiriza kukhwima, munthu atapitirira zaka 20. Ngakhale nkhuku ili nalo: kafupa kaja kamphanda ka pachidali pake ndi mafupa aŵiri otereŵa ogwirizana.

Lachiŵiri ndi fupa lathyathyathya la kumsana, looneka ngati khasu, lotchedwa scapula. Ili lilibe mfundo ndi nthiti. Lingotsetsereka pamwamba pa nthitizo, litagwidwa ndi minofu yambiri, monga momwe agogo aja anaonera pa mbuzi. Chifukwa chokutidwa ndi minofu silithyoka wamba. Likathyoka, ndiye kuti ngoziyo inali yaikulu, ndipo nthiti ndi mapapo ziyenera kupimidwanso.

Lachitatu ndi fupa lalitali la mkono wam'mwamba, lotchedwa humerus. Mutu wake ndi wobulungira, ndipo ukhala pa kambale kakang'ono ka m'mbali mwa fupa longa khasu lija. Tiyerekeze ndi mfundo ya m'chiuno. Kumeneko mutu wa fupa la ntchafu uloŵa m'dzenje lakuya, ngati munsi mumtondo. Koma papheŵa zili ngati lalanje loikidwa pa kambale kosaya: mbali yaikulu ya mutuwo ili kunja. Chimene chiugwira kuti usagwe ndi mitsempha pamodzi ndi minofu 4 yaifupi imene iuzinga ngati nkhata.

N'chifukwa chake palibe mfundo ina m'thupi imene iyenda mbali zambiri koposa pheŵa. Ndi pheŵa timalima, kusinja, kutula mtsuko, kuponya mpira, ndi kukanda pamsana. Koma n'chifukwa chomwechonso pheŵa ndilo liguluka kaŵirikaŵiri koposa mfundo zonse zazikulu, ndipo pafupifupi nthaŵi zonse mutu wa fupalo ugulukira kutsogolo.

Mkono wa Livingstone

Pali mkono wina umene mbiri yake ikhudza dziko lathu. M'chaka cha 1844, pa Mabotsa, kumene tsopano ndi ku South Africa, mkango unagwira David Livingstone papheŵa lamanzere, nuphwanya fupa la mkono wam'mwamba. Mphunzitsi wina wachikuda, dzina lake Mebalwe, ndiye anaucheukitsa mkangowo, nayenso navulazidwa. Ngakhale Livingstone anali dokotala, kunalibe chipatala pafupi, ndipo fupalo silinalumikizane bwino. Ndi mkono wopunduka womwewo anafika pa mathithi a mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, mathithi amene ena a iwo, monga Nkula ndi Tedzani, ali m'malire a boma la Neno.

Atamwalira kwa Chitambo m'chaka cha 1873, anzake a paulendo, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anaumika thupi lake, nalinyamula kwa miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo, m'mbali mwa nyanja yamchere. Litafika ku London m'chaka cha 1874, nkhope inali yosazindikirika. Dokotala wina wotchuka, Sir William Fergusson, anapima mkono wamanzere, napeza fupa lija lophwanyidwa ndi mkango zaka 30 zapitazo. Apo m'pamene anthu anatsimikiza kuti malirowo ndi akedi.

Phunziro lake ndi ili: fupa siliiŵala. M'mene lisamalidwira m'masiku oyamba ndi m'menenso lidzakhalira kufikira kumanda. Livingstone analibe kothaŵira, koma ife tili nako. Kuyambira m'chaka cha 1895, pamene Wilhelm Röntgen wa ku Germany anatulukira njira yojambulira mafupa, madokotala amaona fupa lothyoka osang'amba khungu. M'dziko lathu lino, m'chaka cha 1985, Dr Edward Blair wa ku Canada anayambitsa ku Blantyre maphunziro a akatswiri a mafupa otchedwa orthopaedic clinical officer, ndipo ndiwo amene amasamala anthu ambiri othyoka m'zipatala za m'maboma. M'chaka cha 2002 kunatsegulidwanso ku Blantyre chipatala cha Beit CURE, chothandiza ana a mavuto a mafupa. Kwa anthu a ku Chifunga, poyambira ndi chipatala chaching'ono cha komweko. Za Lisungwi ndi Neno Boma ndizo zazikulupo m'bomalo, ndipo zovuta koposa zimatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Tsoka likagwa pakhomo

Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mwana agwa mumtengo wa mango kapena wa mlambe, bambo agwa ndi njinga yodzala makala potsetsereka, mnyamata wa kabaza aombana ndi galimoto, wina apondedwa ndi ng'ombe ya pangolo. Tichitenji?

Munthu akagwera papheŵa kapena padzanja lotambasula, kaŵirikaŵiri fupa la m'munsi mwa khosi ndilo lithyoka, makamaka pakati pake. Mudzaona kutupa pamenepo, pheŵa litagwera kutsogolo, ndipo wovulalayo atachirikiza chigongono monga mnyamata uja. Tengani chitenje, muchipinde pangodya, mugoneke mkonowo m'menemo chigongono chili chopinda, dzanja litakwera pang'ono, ndipo mumange kukhosi, mfundo ikhale pambali. Kenaka mupite naye kuchipatala. Fupali nthaŵi zambiri silifuna chikhakha kapena opaleshoni. Mwa mwana lilumikizana m'masabata 3 kufikira 6; mwa wamkulu m'masabata 6 kufikira 12. Pambuyo pake pamatuluka kachotupa kolimba pamene panathyokapo. Musaope: limenelo ndi fupa latsopano, ndipo mwa mwana limaphwa pang'onopang'ono.

Pheŵa likaguluka, litaya kubulungira kwake, lioneka lakuthwa, ndipo munthuyo salola kuti mkono ugwedezeke ngakhale pang'ono. Apa m'pamene pamabwera amuna amphamvu, wina kuponda m'khwapa, wina kukoka. Tikupemphani, musatero. Popanda chithunzi simungadziŵe ngati fupa lagulukalo lathyokanso. Ndiponso m'khwapa mudutsa mitsempha yaikulu ya magazi ndi minyewa imene iyendetsa dzanja lonse. Kukoka mosadziŵa kukhoza kuumitsa mkono mpaka kalekale. Chirikizani mkonowo m'mene waimira, musampatse chakudya popeza mwina adzafunika mankhwala ogonetsa, ndipo fulumirani, chifukwa pheŵa lobwezedwa tsiku lomwelo libwerera mosavuta, koma logonera masabata likhoza kufuna opaleshoni. Panjira muzipenya zala: zikazizira, zikachita dzanzi, kapena zikasintha mtundu, nenani msanga mukangofika.

Nthiti ikathyoka, munthu amva kubaya akamapuma, akamatsokomola kapena kuseka. Imalumikizana yokha m'masabata ngati 6. Kale anthu ankamanga chifuŵa ndi nsalu zolimba, ngakhale m'zipatala momwe, koma tsopano n'zoletsedwa, pakuti munthu womangidwa apuma pang'onopang'ono, makhololo aunjikana m'mapapo, ndipo chibayo chimloŵa. Chofunika ndi mankhwala opha ululu, kuti wodwalayo azitha kukoka mpweya wambiri kangapo pa ola lililonse ali maso, ndi kutsokomola atakumbatira pilo kapena nsalu yopinda pamene pakupwetekapo. Asagone tsiku lonse, aziyendayenda.

Koma choopsa chenicheni si nthiti ai, koma zimene zili kuseri kwake. Nsonga ya nthiti yothyoka ikhoza kuboola papo. Nthiti za m'munsi kumanja zibisa chiŵindi, ndipo za kumanzere zibisa kapamba. Kwathu kuno kumene malungo ndi ochuluka, ana ambiri ali ndi kapamba wotupa, amene ang'ambika msanga ndi kutaya magazi m'kati, kunja osaoneka kanthu. Chifukwa chake wovulala akamabanika, akatsokomola magazi, akamva m'mimba kuŵaŵa ndi kuuma, akachita chizungulire, akayera m'maso ndi m'manja, kapena akamva kupweteka kunsonga ya pheŵa lamanzere pamene anamenyeka m'nthiti, pezani chokwera nthaŵi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Ndipo wogwa kuchokera patali akadandaula khosi kapena msana, musamkhazike tsonga kapena kum'bereka. Mgonekeni pa thabwa kapena chitseko, wina atagwira mutu kuti usapotoke.

Tiwonjezepo chimodzi cha akuluakulu. Kupweteka kwa pheŵa sikuchokera m'pheŵa nthaŵi zonse. Munthu akamva kulemera pachidali ngati wamtsamira mwala, ululu n'kumatsikira kupheŵa ndi kumkono wamanzere, thukuta lili kamukamu, ukhoza kukhala mtima, ndipo si za kuthoŵa. Ndiponso pheŵa limene liuma pang'onopang'ono popanda kugwa, mpaka munthu kulephera kuvala malaya, lipezeka kaŵirikaŵiri mwa odwala matenda a shuga. Ndi bwino kukayezetsa.

Mau kwa achinyamata, ndi kwa makolo

Anyamata ndi asungwana, mafupa anu akali kukula. Pafupi ndi mutu wa fupa la mkono wam'mwamba pali malo ofeŵa pamene fupalo litalikira, ndipo mbali yaikulu ya utali wake ichokera pamenepo. Kuvulala kwa pamalo otere kufuna kuonedwa ndi odziŵa. Tidziŵa kuti ambiri a inu mumabisa mukagwa, poopa mkwapulo chifukwa munakwera mtengo woletsedwa. Mnyamata wa ku Chifunga uja anabisa usiku wathunthu. Safunsa anadya phula, nenani msanga. Mango ndi malambe tcholani ndi ndodo yaitali, makamaka mvula ikagwa pamene nthambi ziterera. Pa njinga yamoto valani chisoti, ndipo musakwere anthu atatu kapena anai.

Ndipo inu makolo, mwana akagwa, chiweruzo chidikire. Yambani mwamvula malaya, muyerekeze pheŵa ili ndi linzake, mumuuze akweze manja onse aŵiri, ndipo mupenye m'mene akupumira. Mwana amene adziŵa kuti kunyumba kukafika chifundo poyamba sabisa bala. Musanyamule kamwana pokakoka dzanja limodzi. Kagwireni m'khwapa monse muŵiri. Khanda lobadwa movutikira likamagoneka mkono umodzi osaugwedeza, kalionetseni kwa anamwino. Musasenzetse mwana thumba la msinkhu wa bambo ake. Ndipo mafupa amangidwa ndi chakudya: usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yake yomwe, nyemba, soya, masamba obiriŵira, mkaka pamene ulipo, ngakhale ufa wa malambe omwewo m'phala, pamodzi ndi kuseŵera padzuŵa.

Tinadutsanso pa Chifunga patapita miyezi iŵiri. Mnyamata uja tinampeza akuthamangitsa mbuzi, manja onse ali m'mwamba. Agogo ake anamuitana, natigwiritsa kachotupa kolimba ka m'munsi mwa khosi lake, nati, "Taonani, alendo, pamene anaotcherera Mwini wake." Kenaka anaseka, nati tsopano akamasenda mbuzi amaitana adzukulu onse kuti adzaŵerenge nthiti. Atiuza kuti anapeza 13 mbali iliyonse, ndipo anaŵerenga bwino: mbuzi itiposa ndi nthiti ziŵiri.

Madzulo ano, mutatha kudya, yesani inunso pabanja panu. Aliyense apapase kadzenje ka m'munsi mwa khosi, atsate fupa lija kufikira kunsonga ya pheŵa, ndipo wina aphunzitse anzake kumanga mkono ndi chitenje. Mwezi wamaŵa, Mulungu akalola, tidzatsikira kuchigongono ndi kudzanja. Tsalani bwino.